Kusaka Ming'alu

Ndalama za chigumula zinalowa Lachiwiri.
Lachitatu foni ya mayi inalira,
mawu osalala, a munthu womanga tayi:
"Mayi Nyasemba, tikukonza akaunti yanu,
tangotchulani manambala anayi aja."
Anatchula.
Mayi sanamanepo mlendo madzi,
akanamana bwanji manambala?

Usiku umenewo ku Bangula sitinasonkhe moto.
Ine ndinayambira pamenepo,
ndi mkwiyo, buku linabwera pambuyo.

Laputopu ndinaigula mbuzi ziwiri
kwa Zuze, kalaliki wa ku mizimbe ku Nchalo.
Batani limodzi linaguluka ngati dzino,
batire silifika theka la ola.
Mu Okutobala imapuma movutikira,
ndiye ndimaikhazika pa njerwa ziwiri
n'kumaikupiza ndi katoni
ngati mwana wa malungo.

Sukulu yanga imatsegula pakati pa usiku,
bandulo ikatsika mtengo,
pansi pa thanki yamadzi pamene netiweki imaima.
Fizi ndimalipira udzudzu wa kudambo.
Aphunzitsi anga sindiwadziwa nkhope:
wina ndi manja okha pa vidiyo,
wina ndi buku laulere la masamba mazana anayi
limene ndinatsitsa masiku atatu, likudukaduka.
Onse anagwirizana chimodzi:
usathamangire kuthyola loko
usanadziwe chimene chimagwira chitseko.

Ndinayamba ndi Linakisi,
galasi lakuda bii, kanyali kakuphethira,
kudikira kuti ndilankhule bwino.
Ndikalakwitsa chilembo, kalibe chisoni.
Kenako ndinaphunzira mmene uthenga umayendera:
umadulidwa mitolomitolo
ngati katundu wowoloka pa Mtayamoyo,
mtolo uliwonse bwato lakelake,
dzina la mwini lili pamwamba,
ndipo pagombe pamakhala anthu
amene sanabwere kudzathandiza kunyamula.

Ndinamanga kanyumba m'kati mwa makinawo,
kanga ndithu, kopanda mwini wina,
ndi kukathyola. Kukamanganso. Kukathyolanso.
Tsiku limene chitseko chake chinagonja
ndinakuwa mpaka agalu a kwa Fombe anayankha.

Mbiri imayenda.
Jofilisi anafika ndi faivi sauzande yopindapinda:
"Ndilowetse m'foni ya mkazi wanga."
Ndinaiyang'ana ndalamayo. Sopo anali atatha.
Zala zinkayabwa, sindinama,
ndipo njira ndinkaidziwa.

Koma ndinakumbuka malume Khembo
akuyenda pa chitchinga cha mtsinje mvula isanagwe,
ndodo m'manja, kugogoda, kumvetsera,
kusaka una wa mbewa, dzenje la nkhanu.
Iwo ndi madzi amafuna malo amodzimodzi.
Kusiyana kwake, malume akapeza amaitana makasu,
madzi akapeza salankhula.

Jofilisi sandipatsanso moni.

Ntchito yoyamba inachokera ku kalabu ya alimi a thonje.
Ndinati, "Mundilembere kaye kalata,
mudinde, musayine, munene pamene ndilekezere."
Wapampando anaseka,
nati kompyuta yawo ndi linga.
Mawu achinsinsi anali dzina la ng'ombe yake,
imene mudzi wonse umaitukwana ikalowa m'dimba.
Ndinalowa tiyi asanazizire.
Sindinakhudze kanthu. Ndinalemba masamba awiri.
Anandilipira nkhuku ndi manyazi pang'ono.

Setifiketi ndilibe.
Mayeso ake amafuna madola,
ndipo mbuzi zinatha.
Pali mitu ina ndimaiwerenga kasanu
n'kutseka buku mutu ukuwawa.

Dzulo foni ya mayi inaliranso.
Ndinali kuseri, ndikuchapa, ndinangoima
thovu lili m'manja.
Mawu omwe aja, tayi yomwe ija.
Mayi anamvetsera mpaka kumapeto,
pakuti mlendo sadulidwa mawu,
kenako anati:
"Manambala alipo, mwananga.
Bwera udzatenge wekha,
ukafika pa msika ufunse Nyasemba."

Anaika foni m'chitenje
n'kupitiriza kupeta mapira.